Tsiku Limene Makanda Anapita Kukavota

Ndinatsika kabaza ku Area 43 kutada kale. Wanjingayo anatembenuka nthawi yomweyo, nandisiya. Msewu wa tara, zii. Mipanda yaitali uku ndi uku, pamwamba pake mawaya amagetsi. Agalu akuuwa koma osaoneka.

Ndinabadwira ku Old Town, kuseri kwa mzikiti, pakati pa phokoso la osula zidebe ndi oitanira maminibasi. Ndakhalako ku Karonga, ku Tete, ku Dar. Malo amodzi sindikhalitsa. Koma ku 43 ndinali ndisanapondeko. Mzinda wanga womwe, ine mlendo.

Anandiitana ndi achemwali anga, a Asiatu. Khansala wa wodi yawo anamwalira, ndipo mawa lake kunali chisankho chachibwereza. Achemwali anaima paokha, opanda chipani. Chizindikiro chawo pa pepala lovotera chinali ketulo. Si zodabwitsa. Zaka zonsezi akhala akugulitsa tiyi ndi mandasi kwa antchito a m'nyumba zikuluzikuluzi.

Tochi inandiwalira kumaso.

"Mukufuna nyumba nambala chani, akulu?"

Anali mlonda wachikulire, chijasi mpaka m'mawondo.

"Nambala sindidziwa. Ndikufuna a Asiatu, a tiyi."

"Akhansala?"

"Sanapambane ayi."

"Ndi nkhani ya mawa basi imeneyo. Ndinu Twahir inu, woyendayenda uja. Mphuno ndi yomweyo. Ine ndine Nebert. Tiyeni."

Tisanafike anandiimitsa pakati pa mipanda iwiri. Panali kanjira kopapatiza kotsikira kudambo. Pambali pake mulu wa njerwa, ndi ngalande yokumbakumba ya maziko.

"Nkhondo yonse ndi imeneyi," anatero a Nebert. "Ife a kutsidyaku timalowera pano. Alonda, ophika, olera ana, a maluwa, tonse. A Edwell, a shopu ya simenti aja, aima nawonso. Alonjeza mabwana kuti akapambana atseka. Akuti ndi njira ya akuba. Akatseka, tizizungulira kumsewu waukulu. Mvula, mdima, zonsezo. Achemwali anu akuti kanjira sikatsekedwa."

Achemwali amachita lendi kanyumba ka kuseri kwa nyumba ina. Ndinawapeza atakhala pampasa, mpango kumutu, manja pamiyendo. Ndinapereka salamu. Anayankha, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Waonda iwe. Ukudya mphepo?"

"Mukuopa, achemwali?"

"Kampeni inatseka. Sindiloledwa kukopa munthu. Ndangotsala ndi kuopa komweko."

Vuto analifotokoza ndi a Nebert. Chisankho chachibwereza sichikhala ndi holide. Mawa linali Lachiwiri wamba. Malo ovotera, pasukulu ya pulayimale, amatsegula sikisi m'mawa n'kutseka folo madzulo. Anthu a achemwali nthawi yonseyo amakhala atatsekeredwa m'mipanda ya eni ake. A Edwell ankadziwa zimenezi. Akuti ankaseka nazo kubala.

"Ndiye muchita bwanji?" ndinafunsa.

"Tigwirirana mageti," anatero a Nebert. "Kuno ukamva uthenga wa maliro, suyamba ndi kwa abwana. Umauza mnzako wa geti loyandikana. Amakugwirira mpaka ubwere. Ndi mmene timakhalira. Mawa ife a usiku tikaweruka, tikavota oyamba. Kenako tulo tiiwale. Tilowa m'mageti a anzathu a masana, iwo athamangire kusukulu. Woti amuvotere sitimuuza munthu. Angopita basi."

Achemwali anandiloza ndi chibwano.

"Iwe unalembetsa kuti?"

"Sindinalembetse."

"Ndinadziwa. Munthu wopanda adiresi. Ndiye ndiwe wa pageti."

M'mawa anandipatsa geti lakuda la a Mayi Chitemwa, bwana wina wa ku Capital Hill. Mlonda wawo, Sumaila, anadikira kuti galimoto ya madamu ituluke. Kenako anandiveka chipewa chake.

"Hutala ikalira, tsegulani mbali zonse ziwiri. Galu musamuyang'ane m'maso. Dzina lake Bishopu."

Anathamanga.

Ndinakhala pampando wa pulasitiki. Ine, amene basi ikachedwa kunyamuka ndimatsika n'kukwera ina. Ndinayenda kuchoka pageti kufika pamtengo wa mapeyala. Ndinabwerera. Bishopu ankanditsatira ndi diso limodzi.

Mumsewu munali zachilendo. Alonda a usiku, maso ali psuu, akuthirira maluwa a eni ake. Wina akutsuka galimoto yomwe sanaionepo. Mnyamata wa maluwa akudutsa liwiro, nsapato za jombo zikulira. Pobwerera ankakweza chala cha inki.

Sumaila anachedwa. Dzuwa litafika pamutu, a Nebert anatulukira pa njinga yakapalasa. Nkhope sinali bwino.

"Zavuta, Twahir. Mzere watalika, sukuyenda. A Edwell anthu awo akubwera pagalimoto, ali ndi nthawi. Ife amuna tavota ambiri. Koma azimayi sanaoneke."

"Chifukwa?"

"Geti umamugwirira mnzako. Payipi umamugwirira. Khanda la bwana ungalisiyire mlonda? Ndipo amene amamwa tiyi wa achemwali anu kwambiri ndi iwowa, olera ana. Popanda iwo, ketulo yagwa."

"Mwati mzere watalika?"

Mawuwo anachokera kumbuyo kwathu. Anali Lucy, wolera mwana wa m'nyumbamo. Wamfupi, wa maso akuthwa. Kumsana anali atabereka Vitu, khanda la madamu, likuyamwa chibakera.

"Watalika zedi, mwana wanga," anayankha a Nebert.

"Nanga amayi a makanda akuimanso pamzerepo?"

"Ayi. Amenewo ndi okalamba akuwalowetsa kutsogolo."

Lucy anaseka pang'ono.

"Ndiye mukudandaula chiyani, madala? Madzulo aliwonse sitituluka nawo anawa kukawapitidwitsa mphepo? Madamu amachita kundikumbutsa pafoni. Lero mphepo yayamba msanga."

A Nebert anawomba m'manja.

Lucy anatulutsa foni m'chitenje. Olera ana a ku 43 ali ndi gulu lawolawo pafoni, lomwe amauzanapo za mabwana ovuta ndi za ntchito zikapezeka. Anayankhulamo mwachidule: "Asisi, mangani ana. Tengani mabotolo ndi zipewa. Tikumane pakona ya nyumba yachikasu."

Ndaona zambiri m'misewu. Ngamila pamalire. Ukwati wa pa mathirakitala. Koma ichi ayi. Mageti anayamba kutseguka limodzilimodzi. Munatuluka tingolo tokankhira ana. Tofiira, tabuluu, tina ta matayala atatu ngati ta mpikisano. Ena anabereka kumsana. Wina anali ndi mapasa, mnzake akumunyamulira chikwama. Maambulera pamwamba. Ana a Chimalawi, a Chimwenye, kamzungu kamodzi katsitsi ngati ndevu za chimanga. Onse kulowera kusukulu. Ndinatsegulira Lucy mbali zonse ziwiri, ngati nduna.

Msewu unabwerera zii. Ine ndi Bishopu.

Kenako hutala.

Ndinatsegula. Galimoto yoyera inalowa theka, n'kuima. Galasi linatsika. A Mayi Chitemwa. Magalasi a maso, suti ya buluu, mawu osakweza.

"Inu ndinu ndani?"

"Twahir, mayi."

"Chipewacho ndi cha Sumaila. Sumaila ali kuti?"

"Kovota, mayi. Ndamugwirira."

"Mwamugwirira." Anayang'ana kukhonde. "Lucy! Lucy!" Zii. "Mwana wanga ali kuti?"

Bodza ndimalitha. Pamalire landithandiza kangapo. Koma kwa mayi wofunsa mwana wake, ayi.

"Wapita kovota nayenso, mayi."

"Vitu wapita kovota."

"Waperekeza."

"Khomani getilo. Kwerani."

Tinalunjika kusukulu. Ine ndinkaganiza za ntchito ya Lucy. Ndi ya Sumaila. Ndi nkhope ya achemwali akamva kuti geti limodzi lokha landikanika.

Pasukulu panali ngati sikelo ya ana. Tingolo tandandalika pansi pa mtengo wa mthethe. Makanda akulira mopikisana. Wapolisi wamkazi akugwedeza kangolo ndi phazi, mfuti ili paphewa. Mzere waukulu unali chiimire padzuwa, koma pambali pake azimayi ankalowa mmodzimmodzi, n'kutuluka chala chili bii.

Monitala wa a Edwell, mnyamata wa tayi, anali atatukumuka pamaso pa woyang'anira malowo.

"Bwana, ana awa si awo! Taonani kamzunguko! Mayi ake ndi amenewa?"

Woyang'anirayo anali mphunzitsi wa imvi. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Dzina lawo lili m'kaundula? Lilimo. Khanda ali nalo? Ali nalo. Amene anabala sindifunsa, achimwene. Mukufuna khandalo liime padzuwa? Wotsatira!"

Pamzere anthu anaseka. Ngakhale ena a magalimoto.

Lucy anali pafupi ndi khomo pamene anawaona madamu. Anauma. Vitu anatambasula manja, akusekerera.

"Lucy."

"Madamu."

"Ndinakulemba ntchito yoyendetsa mwana wanga m'misonkhano?"

"Si msonkhano, madamu. Wadya, wagona, chipewa wavala." Anakonza chitenje. "Ndikanapempha, mukanati dikira Loweruka. Loweruka kulibe voti."

"Ndiye mpaka kuika ntchito yako pachiswe? Chifukwa cha khansala?"

"Chifukwa cha kanjira. Akatseka, ine ndizifika seveni itadutsa. Inu mumanyamuka hafu sikisi. Vitu azitsala ndi Bishopu?"

Wina kumbuyo anati, "Eee!" Wapolisi uja anayang'ana kumbali.

A Mayi Chitemwa anavula magalasi. Anawapukuta. Anawavalanso.

"Bweretsa kuno mwanayo."

Lucy anamasula chitenje pang'onopang'ono. Ndinati basi, yatha ntchito.

Madamu anamulandira Vitu. "Uchonga bwanji uku akukukoka tsitsi? Lowa. Ndikudikira. Zina tikakambirana kunyumba."

Monitala uja anayesa mwayi. "Mayi, poti mwafika, lowani nanunso mukavote. Ndinu a kwathu kuno."

"Ine ndinalembetsa kwathu ku Rumphi, mwana wanga. Abambo akunyumba chimodzimodzi. Theka la msewu wathu ndi otero. M'nyumba mwanga mavoti alimo awiri, a Lucy ndi a Sumaila."

Mnyamatayo anamasula tayi.

Folo koloko anatseka. Kuwerenga kunayamba dzuwa likulowa, m'kalasi, pa nyale za batire. Ife tinaunjikana pamawindo. Woyang'anira ankakweza pepala lililonse kuti mamonitala aone, n'kuliika pamulu wake. Poyamba mulu wa a Edwell unathamanga. Achemwali anaima kutali pansi pa mtengo, milomo ikuyenda. Kenako bokosi linafika pakati.

"Ketulo. Ketulo. A Edwell. Ketulo. Ketulo. Ketulo."

A Nebert anandifinya mkono mpaka kuwawa. Munthu wosagona chigonere dzulo, koma mphamvu ngati chitsulo.

"Amenewo ndi makanda," ananong'ona. "Afika."

Mulu wa ketulo unapitirira. Unapendekeka. Wina anachita kuugwira ndi dzanja. Foni inalira kuchokera kumalo ena ovotera, kutsidya kwa dambo. Nkhani yomweyo.

Nthungululu inayambira pawindo n'kufalikira bwalo lonse. Sumaila anandilanda chipewa chake n'kuchiponya m'mwamba. Alonda anaimba malikhweru awo onse nthawi imodzi, ndipo agalu a ku 43 anayankha mpanda ndi mpanda. Azimayi anawazungulira achemwali. Wina anabwera ndi ketulo yeniyeni, yakuda ndi mwaye, naikweza pamutu ngati chikho cha mpira. Achemwali ankangoti, "Alhamdulillah, Alhamdulillah," misozi ikutsikira mumpango.

A Edwell anabwera okha. Bambo wamkulu thupi, wotopa. Anapereka dzanja.

"Mwapambana, mayi. Koma njerwa zija ndi za mwini ploti, si zanga."

"Mwini plotiyo akandipeza ku khonsolo," anatero achemwali. "Mubwere mudzamwe tiyi."

A Nebert sanapirire. "Munawerenga mageti, bwana! Kuseri kwa geti kumakhala anthu!"

Kenako anayang'ana kumwamba, natukwana pang'ono. Nthawi ya ntchito inali itakwana. Alonda onse a usiku anabalalika kuthamangira m'mageti awo, akuseka, akudzandira ndi tulo.

Ndinadzuka kusanayere bwino. Chikwama paphewa. Achemwali ndinawapeza kale pakamwa pa kanjira, mbaula ikuyaka, ketulo ikuwira.

"Akhansala akugulitsabe tiyi?"

"Akhansala adya chiyani? Ukupita?"

"Basi ya ku Mzuzu. Kenako ndiona."

"Tsiku limodzi pageti, wakhuta kale." Anandikulungira mandasi m'pepala. "Ukadzabweranso udzalembetse. Ndatopa ndi mlongo wa chala choyera."

Ndinatsika kanjira. Ndinali ndekha wolowera kumunsi. Onse ankakwera. Ophika, a maluwa, alonda a masana, mzere umodzi kuchokera kudambo, mame m'miyendo. Ndinkachita kupatuka, msana kukhuza mpanda. Aliyense podutsa ankandikwezera chala.

Pakati pawo Lucy, akufulumira, chikwama m'khwapa.

"Ntchito ilipo?" ndinafunsa.

"Ilipo! Angoti ulendo wina ndizinena." Sanaime. "Pepani achimwene, hafu sikisi yayandikira!"

Analumpha ngalande ya maziko ija osayang'ana pansi. Wotsatira anapondamo, dothi n'kugumukira mkati. Winanso chimodzimodzi. Pamene ndinkafika kudambo n'kucheuka, m'mphepete mwa ngalandeyo munali mutayamba kale kufafanizika.