Masamba pa Geti la a Wapampando

Nyumba yosanja yotchedwa Mvule Court, ku Pangani mu mzinda wa Nairobi, inamangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, ndipo a Vitus Chirambo ankatchula mfundo imeneyi ngati kuti anaumba nawo njerwa zake. Amene anaimanga anasiya dongosolo lakuti isakhale ndi mwini mmodzi. Aliyense wokhalamo anali ndi gawo lake, ndipo zonse zinkayendetsedwa ndi komiti yosankhidwa chaka ndi chaka. Mipope ya madzi inkatsokomola ngati nkhalamba ya chifuwa, mazenera ena anatsegulidwa komaliza m'nthawi ya atsamunda, koma masitepe ake a mwala wosalala ankanyezimira ndithu. Masitepe amenewo ndiwo anali chipembedzo cha a Chirambo.

Iwo anali mlangizi pa bungwe lina la mayiko ambiri. Amalawi anzawo ankakhala m'nyumba zatsopano ku Kasarani ndi ku Kitengela, koma iwo anasankha Pangani chifukwa, monga ankanenera, munthu wophunzira amayenera kukhala m'nyumba ya mbiri. Akazi awo, a Joanna, amene ankakwera ndi ndowa pamutu mipope ikanyanyala, anali ndi maganizo awoawo pa nkhani ya mbiriyo.

Ulemerero waukulu wa a Chirambo unali wakuti iwo ndiwo anali mlendo woyamba kusankhidwa kukhala wapampando wa komiti. Atangokhala pampandopo anakhazikitsa lamulo lakuti pageti, m'makonde ndi pamasitepe pasapezeke kanthu kalikonse, kaya nsapato, kaya njinga ya mwana, ndipo wolakwira akolope masitepe onse ndi manja ake, osatuma wantchito. Wachiwiri wawo, Mayi Nyambura, namwino wopuma pantchito, anapempha kuti lamulolo lizikhululukira zochitika zadzidzidzi. A Chirambo anakana mwaulemu wonse. Pasanapite nthawi, mayiwo anaiwala mphika wa maluwa pakhomo pawo, ndipo anakolopa masitepe ndi mawondo awo a nyamakazi, a wapampando ataimirira pamwamba kuonetsetsa kuti chilungamo chafika m'ngodya zonse. Tsopano chisankho chinali kudzachitika Loweruka masana, ndipo wopikisana nawo anali Mayi Nyambura omwewo.

Loweruka m'mawa, a Chirambo akuyeserera pakalilole mawu awo olandirira chipambano, a Joanna analowa atamanga chitenje ndi duku.

"Bambo a Mwabi, mayi ake a Tupochile atisiya ku Karonga."

Tupochile anali mtsikana wa kumudzi kwathu wophunzira pa yunivesite, amene ankachita lendi fulati yaing'ono pansanjika yapakati.

"Zachisoni kwambiri," anatero a Chirambo akukonza tayi. "Mukampepese m'malo mwanga."

"M'malo mwanu? Kodi miyendo yanu nayonso inalowa m'komiti? Ndege ya mwanayu ndi ya Lolemba. Anthu akubwera kudzakhala naye."

"Kubwera kuti?"

"Kumwezi, bambo. Mukuganiza kuti maliro amakhuzira kuti?"

A Chirambo anasuzumira pakhonde. Ophunzira anzake a Tupochile anali atachita kale monga timachitira kwathu. Anatulutsa katundu yense m'chipinda chochezera kuti amayi akhale pansi, ndipo sofa, tebulo ndi kabati zinali zitandandalika m'khonde ngati pa okushoni. Choopsa koposa chinali pageti. Munthu wina wachangu anali atathyola nthambi za mtengo wa pabwalo n'kuziyala mopingasa polowera, chizindikiro chimene Mmalawi aliyense amachidziwa kuti pano pali maliro. Ku Nairobi masamba panjira amatanthauza kuti lole yafa kutsogolo, choncho woyendetsa njinga yamoto ya bodaboda wina anali ataima, akusuzumira m'bwalo kufunafuna loleyo.

Munthu wophunzira sataya nthawi. A Chirambo anaganiza zoyamba ndi masambawo, poti ndiwo ankaoneka kwa aliyense wolowa. Akawatola mwakachetechete n'kukawaponya kuseri, kenako akalankhula ndi anyamatawo za sofa, mofatsa, ngati kholo. Anatsika masitepe awo okondedwa monyang'ama, anayang'ana uku ndi uku, n'kuwerama. Anali atakumbatira nthambi zonse pachifuwa, suti yawo itadzaza zinyalala, pamene minibasi yochokera ku Kitengela inaima pageti.

Woyamba kutsika anali a Blackson Mwafulirwa, mkulu wa Amalawi okhala mu Nairobi, munthu wa mawu ofika patali ngakhale akamanong'ona. Kumbuyo kwawo kunatsika amayi a zitenje, atanyamula mabuku a nyimbo ndi mabeseni.

"Taonani, anthu inu!" anafuula a Blackson atatambasula manja. "Ife timati a Chirambo anatitaya, timati anasanduka mzungu wa pa Pangani. Si awa akuyala masamba ndi manja awo? Bwana wamkulu, suti ili m'thupi! Achimwene, mwatichititsa manyazi ife amiseche."

"Ambuye akudalitseni, bambo," anatero mayi wina akupukuta misozi.

A Chirambo anatsegula pakamwa, koma mawu anatulukira kwina, pamwamba pa mutu wawo.

"Habari ya asubuhi, Mwenyekiti!"

Anali Mayi Nyambura, akupereka moni wa m'mawa kwa wapampando m'Chiswahili, atatsamira pakhonde lawo ndi kapu ya tiyi m'manja, nkhope yawo itawala ngati ya munthu amene pemphero lake layankhidwa mopitirira zimene anapempha.

Tsopano njira zinali ziwiri zokha. Akanatha kupita nazo nthambizo kudzala, pamaso pa anthu amene tsiku lina adzafunika kunyamula bokosi lawo kupita nalo ku bwalo la ndege. Kapena akanatha kuziyala pansi, pamaso pa mayi amene anawakolopetsa masitepe chifukwa cha mphika umodzi wa maluwa. Anaima pakatikati. Kenako anawerama n'kuyala.

"Kokerani uko pang'ono, achimwene, kuti atseke bwino," anawalangiza a Blackson. A wapampando anakokera uko pang'ono.

Kuchokera pamenepo zinthu zinayenda zokha. Popeza bwalo linali litakonzedwera msonkhano wa chisankho, abambo anakhala pamasitepe, kuyambira pansi mpaka pamwamba, nsapato zawo zitabweretsa fumbi la Kitengela ndi matope a ku Kasarani. A Joanna, poona kuti amuna awo atembenuka mtima, anatulutsa mipando yawo yodyera n'kuiika m'khonde kuti akuluakulu asavutike. Amayi anayamba nyimbo, ndipo nyumba yakaleyo, imene makoma ake ankabweza mawu ngati tchalitchi, inazifikitsa ku fulati iliyonse popanda tsankho. A Blackson analengeza kuti, poti mwana wamasiyeyu alibe malume ku Nairobi, woimira banja akhala a Chirambo, amene aonetsa kale mtima wawo. Choncho aliyense wofika ankayamba wagwira dzanja la a Chirambo, iwo n'kumafotokoza mmene matenda anayambira, ngakhale malemuwo anali asanawaonepo ngakhale pachithunzi.

Chapakati pa m'mawa Mayi Nyambura anatsika ndi fulasiki ya tiyi ndi mandazi. Anavula nsapato, anakhala pansi pakati pa amayi, namukumbatira Tupochile akumupepesa m'Chiswahili kuti, "Pole, mwanangu, pole sana." A Chirambo ataona zimenezi anapuma. Anaganiza kuti mayiyu ndi wachifundo, ndipo wachifundo sasunga mangawa. Pa maphunziro awo onse, phunziro lokhudza anamwino opuma pantchito linali litawadutsa.

Msonkhano unachitikira pabwalo lamkati, pansi pa mtengo umene tsopano unali wometedwa mbali imodzi. Abambo okhuza maliro anali pamasitepe, pafupi kwambiri moti ankamva mawu alionse. Mayi Nyambura anaimirira nalankhula pang'onopang'ono, m'Chingerezi chosavuta, kuti alendo nawonso asaphonye kanthu.

"Palibe aliyense m'nyumba muno amene akudandaula za maliro," anatero. "Tonsefe tinabadwa kwa amayi. Mwanayu sitimukhudza, ndipo alendo ake akhale mpaka atanyamuka. Koma tili ndi lamulo limene silidziwa maliro, chifukwa mwini wake anakana kulidziwitsa. M'mawa uno ndaona a wapampando athu pageti atanyamula nthambi. Maso anga akalamba, mwina sindinaone bwino. Ndiye ndingofunsa. Mwenyekiti, masamba aja mumachotsa kapena mumayala?"

 A Chirambo anayang'ana eni magawo, amene ankadikira. Choonadi chikanawapulumutsa, poti wapampando wochotsa zinyalala ndi manja ake ndi wapampando wofunika kumusunga. Kenako anayang'ana kumasitepe. A Blackson anali kugwedeza mutu mowalimbikitsa, ngati mphunzitsi amene akudziwa kuti mwana wake yankho ali nalo. Pamwamba pawo, pakhomo la fulati yake, panaima Tupochile, maso atatupa.

"Ndimayala," anatero a Chirambo, ndi mawu a munthu womeza mankhwala owawa.

"Eya!" anavomera a Blackson mokweza, ndipo abambo ena anatsala pang'ono kuomba m'manja, koma anakumbukira kuti ali pamaliro.

Manja atakwezedwa, panalibe chifukwa chowawerengera. Mayi Nyambura, wapampando watsopano, anathokoza a wapampando opuma chifukwa cha kuona mtima kwawo, nalonjeza kuti lamulolo alikonza kuti lizikhululukira zadzidzidzi, kuyambira mwezi wamawa. Kufikira nthawiyo, anatero, lamulo lakale likadali ndi mphamvu, ndipo iwo sangayerekeze kunyoza ntchito ya munthu wophunzira chotero.

Lolemba m'mawa a Chirambo anapempha tchuthi kuntchito ponena kuti ali ndi zovuta za pabanja, ndipo kunena zoona sanamename. Anapinda buluku mpaka m'mawondo nayamba pamwamba. Mayi Nyambura anaima pamalo pomwe a Chirambo anaimapo kale, kuonetsetsa kuti chilungamo chafika m'ngodya zonse.

Ali pakati pa ntchito, Tupochile anatsika ndi sutikesi yake, taxi ikumudikira pageti. Atawaona anagwada pasitepe yonyowa.

"Bambo, mwandiyalira masamba, mwandiimirira ngati malume, ndiye mukukolopanso nokha fumbi la alendo anga? Ndikakafika ndikawauza onse kumudzi kuti ku Nairobi kuli munthu."

"Pita bwino, mwanawe," anayankha osadzutsa mutu. "Ukawapepese onse. Ndipo uponde m'mbali, apo ndakolopa kale."

Madzi a m'ndowa atada, anaitana akazi awo kuti awatsegulire mpope. Mpopewo unatsokomola kawiri n'kukhala chete. A Joanna anatsika, anakatunga pathanki ya kuseri, nakwera ndi ndowa pamutu monga mwa masiku onse. Anaitula pambali pa amuna awo mosamala, kuti dontho lisagwere pamene pauma.

"Nawa madzi, bambo a Mwabi," anatero. "Musawaononge. Ndi a mbiri."