Funso la Nambala Naini

Achipatala atalandira kuchokera kunja fomu ya mafunso a matenda a m'mimba mwa ana, anafuna munthu woti aimasulire ndi kuiwongola kuti igwirizane ndi chikhalidwe. Anapeza mphunzitsi wa kukoleji, bambo woti ngakhale popereka moni ankayamba wakonza kaye kukhosi.

Mafunso oyambirira anadutsa bwinobwino. La nambala naini linkafunsa mwana ngati amadziipitsira m'kabudula wamkati.

"Ili tichotse," mphunzitsiyo anauza komiti, uku akuvula magalasi. "Mwana woleredwa bwino sangayankhe zimenezi. Chikhalidwe ndachiphunzitsa zaka makumi awiri ine."

"Mwana wodzimbidwa kwambiri timamudziwira pomwepo, aphunzitsi," anatero namwino wamkulu. "Mukachotsa tizimupeza bwanji? Tiziombeza maula?"

Anagwirizana kuti fomu iyesedwe kaye pa ana angapo, Lolemba adzagamule. Mphunzitsi sanavutike n'kufunafuna. Umboni anali nawo pakhomo pomwe: mwana wake wamwamuna wazaka khumi, woleredwa bwino.

Loweruka masana anamukhazika patebulo n'kuyamba kuwerenga mafunso ndi mawu a m'kalasi. Atafika pa naini, mwana anangozyolika, kukamwa kuli gwa.

"Waona?" anauza mkazi wake, yemwe ankasita pakona. "Achipatala aja akanakhala pano."

Anatuluka pakhonde kukaimbira mnzake wa kukoleji, nkhani yabwino siigona. Pobwerera anapeza mwana wachoka, pensulo ili pafomu. Pa funso lija panali pochongedwa pang'ono chabe, m'kabokosi ka "masiku ambiri".

"Waphonya bokosi uyu."

"Sanaphonye, bambo ake." Mkaziyo sanaleke kusita. "Miyezi inayi tsopano. Makabudula amachapa yekha n'kuyanika kuseri kwa wadirobu. Kusukulu amangopirira, akuti zimbudzi zake zilibe zitseko."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndinakuuzani kawiri. Munati ndidikire mumalize ndime."

Mphunzitsi anayang'ana kabokosiko nthawi yaitali. Anakonza kukhosi, n'kupinda fomuyo.

Lolemba anapita ndi mwanayo, n'kumusiya pabenchi panja pa chipinda cha msonkhano. Mkati analankhula maso ali patebulo.

"Funso lija likhale. Koma wamkulu asamaliwerenge mokweza. Mwana azipatsidwa pensulo, kholo lizituluka."

"Zanzeru zimenezo," anatero dokotala. "Mwazipeza m'buku liti?"

"Ndi kafukufuku wochepa chabe."

"Ana angati?"

"Mmodzi."

Namwino anasuzumira pawindo n'kuona kamnyamata kali pabenchi, kakugwedeza miyendo, mphuno yake ya aphunzitsi yeniyeni. Anatenga fomu yatsopano ndi pensulo, n'kulunjika kuchitseko.

Mphunzitsi anadzuka kuti amutsatire.

"Inu khalani pompo, aphunzitsi. Ndikamaliza naye ndimupititsa kwa adokotala, tidzakuitanani."

Anakhalanso pansi, chikwama pamiyendo, n'kumadikira kuitanidwa ngati kholo lina lililonse.