Mpeni wa Tem Baiteke

"Tsika kaye, iwe Iotebwa! Ndati tsika!"

Agogo aakazi, Nei Tekarawa, anali atagwira kale chiwongolero cha njinga yamoto ndi manja onse awiri. Mdzukulu wawoyo, bambo wandevu zake amene anabwera kuchokera ku Tarawa kudzalira maliro, anazimitsa injini n'kuusa moyo. Mpeni wa agogo ake aamuna anali atausomeka m'chiuno, ndipo mabotolo asanu ankagundana pachifuwa pake, pa chingwe chokoleka m'khosi.

Linali tsiku lachitatu chiikireni agogo aamunawo, Tem Baiteke, m'manda kuseri kwa nyumba. Anapita bwino mkuluyo, atadya nsomba n'kukhuta, atagona pamkeka wake, ndipo pamaliro anthu anaseka nkhani zake kuposa kulira. Koma mitengo ya kokonati siidziwa maliro. Mitengo yake isanu ya kumathero a chilumba inkafuna woikwera m'mawa ndi madzulo, wodula pang'ono kunsonga ya duwa kuti karewe, madzi ake otsekemera aja, azidonthabe m'botolo. Ukadumphitsa, nsonga imauma. Msuweni amene ankadula masiku a maliro anali atabwerera kwawo m'mawa womwewo.

"Agogo, dzuwa likupita. Mitengo ikauma muzimwa chiyani?"

"Madzi alipo. Msewu umenewu uli ndi nkhumba, agalu, maenje. Ukagwa, mpeniwo ulowa mwa ndani? Mabotolowo aswekera pa nthiti za ndani? Mwana wa Ten Tiare anagwa ali ndi sipanala m'thumba, sipanala chabe, mpaka lero amayenda chammbali ngati nkhanu."

"Komatu agogo aamuna ankanyamula chonchi."

Zinali zoona. Zaka makumi awiri chibwerereni njingayo, m'mawa ndi madzulo Nei Tekarawa ankatuluka kukaima pamsewu n'kumakalipa, nkhalamba ija ikunyamuka mpeni uli m'chiuno, ikuimba mokweza dala. Ndiye ankatsala akumvetsera injini mpaka itazimirira, mtima uli m'mwamba.

"Anakusiyira njinga ndi mpeni, koma mwayi wake wapita nawo," anatero. "Ndaika mmodzi sabata ino, wakwana. Uusiye pano mpeniwo, apo ayi undiponde."

"Ndikadula ndi mano, agogo?"

Pakhonde panamveka phwete. Anali Nei Rakera, mlongo wake wa malemuyo, amene nyumba yake ili pamene msewu umakhota. Anasiya kokonati amene ankapala n'kubwera akudzipukuta manja.

"Mlamu, mukufuna kugundidwa ndi njinga yozima? Iwe Iotebwa, pisa dzanja pansi pa kaliyala. Pansi, osati pamwamba, kodi ku Tarawa anakutha nzeru?"

Iotebwa anawerama. Pansipo panali kachidutswa ka paipi, komangidwa zolimba ndi mphira wa chubu, kukamwa kwake kotsekedwa ndi chigoba cha kokonati.

"Ndi chiyani chimenecho?" anafunsa Nei Tekarawa, manja akadali pa chiwongolero.

"Ndi nyumba ya mpeni. Achimwene akangokhota pakwathu paja, inu osawaonanso, ankaima. Mpeni kuuchotsa m'chiuno, kuukulunga, kuulowetsa mmenemo. Mabotolo m'thumba, thumba pa kaliyala. Tsiku ndi tsiku, ngakhale mvula ikugwa. Pobwera ankaimanso n'kuvala zonse ngati msilikali."

"Bodza."

"Ndinamire maliro a mchimwene wanga? Ndinawafunsa kuti bwanji osangomanga kunyumba, mkazi wanu apume. Akuti, 'Rakera, ukamuuza ndikutemberera. Akasowa chondikalipira, adzatulukanso kudzandiperekeza?'"

Iotebwa anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. Nei Tekarawa anakumbukira masiku onse amene anapsereza mpunga chifukwa chomvetsera msewu, ndipo anafuna kukwiya, koma mkwiyowo unakana kubwera.

"Galu wachabechabe," anatero chapansipansi, akuyang'ana kuseri kwa nyumba. "Wandimva? Galu."

"Akumva, mlamu, ndipo akuseka."

"Bweretsa kuno mpeniwo. Chigwiriro kwa ine, iwe! Ukufuna undibaye?"

Anasiya chiwongolero, n'kuchotsa okha chigoba chija. M'paipimo munatuluka nsalu yakuda ndi mafuta, yopindidwa bwinobwino. Ataitambasula anaona timaluwa tofiira m'khosi mwake, tosokedwa ndi dzanja lawo lomwe. Inali bulauzi yawo yakale, imene inasowa pachingwe kalekale.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikunamizira nkhumba ya eni," anatero.

Anaika mpeni pakati pa nsaluyo n'kuyamba kukulunga. Sanavutike kuganiza poyambira. Nsaluyo inali ndi mizere yake kale, yozama ndi kupindidwa m'mawa ndi madzulo, ndipo zala zawo zinangotsata mmene mwamuna wawo ankapindira.