Apongozi Akwera Bwanji?

"Tamufunsa mwamuna wakoyo," anatero mayi Zelifa akuyang'ana mwana wawo Alesi, "makwerero akubwera pambuyo?"

Sitima, mwamunayo, anali ataima pomwepo pambali pa galimoto yake atavala suti, koma anayang'ana kumbali ngati sanamve. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayankhulana mwachindunji, sapenyana m'maso, ndipo kugwirana ndiye ayi ndithu. Mawu onse ankadutsira mwa Alesi.

Zaka zisanu ndi chimodzi Sitima anali pachikamwini ku Nazombe. Ankagula nandolo m'midzi ndi kapikapu kake, ndipo anali atamanga nyumba ku Migowi. Tsopano ankafuna kutenga mkazi wake chitengwa. Amalume ake a Alesi anali atavomera kale. Otsala anali mayi Zelifa, amene anati ayankha Loweruka limeneli, akawaperekeza ku chinkhoswe cha mwana wa mng'ono wawo ku Mkhumba.

Munthu wanzeru akanangotsuka galimoto n'kuthira mafuta. Sitima anapita nayo kugalaja ya Faiz kuti akaikweze.

Faiz anayesetsa kumuletsa. Anamuuza kuti galimotoyo imakoka ndi matayala akumbuyo okha, akutsogolowo amangoperekeza. Kuikweza kungathandize kuti isamakhule pansi pamiyala, basi. Ngati akufuna matayala okulirapo, atenge oposa akalewo pang'ono chabe, chifukwa injini yake ndi yaing'ono.

"Achimwene, nkhuku ikavala jombo sisanduka bakha," anatero Faiz.

Sitima analoza matayala anayi aakulu kupambana onse, ochotsedwa pa galimoto ya bungwe lina. Faiz anawonjezera masipuling'i kumbuyo, anaika zitsulo zokwezera kutsogolo, ndipo matayala atayamba kukhula m'madigadi, malata otchinga matope aja, anadula madigadiwo. Kapikapu kanatuluka m'galaja katatalika ngati mtsikana wovala gogoda za eni.

Ndiye lero mayi Zelifa anali ataima kumbuyo kwake, chitseko chakumbuyo chitatsitsidwa chikuwalekeza pachifuwa. Anali mayi wamfupi, wathupi, wa mawondo odwala. Kutsogolo sakanakhala ndi mkamwini. Malo awo anali kumbuyo pamphasa, ndipo kale ankangokhala m'mphepete n'kukoka miyendo.

Alesi anabweretsa kampando. Kanachepa. Anati agubuduze mtondo, mayi ake n'kumufunsa ngati anaonapo munthu wamkulu akuponda posinjira chakudya. Anayesa kuwakankha yekha, mwana wake Promise ali kumsana, koma chitenje chatsopano cha mayi ake chinayamba kumasuka, ndipo Sitima anatembenuka msanga kuyang'ana phiri la Michesi. Abale onse anali atatsogola dzulo. Pakhomo panalibe wina.

Sitima anasendera, manja atatambasula.

"Bambo a Promise," anatero Alesi motsitsa mawu, "manjawo mukupita nawo kuti?"

Anawabweza m'thumba.

Kenako nzeru inamubwerera. M'mphepete mwa msewu munali ngalande yomwe anthu anakumba madzi osefukira atawavuta. Atalowetsa matayala akumbuyo mmenemo, kumbuyo kukanatsika mpaka kulingana ndi mtunda wa tsidya. Anabwerera chambuyo pang'onopang'ono, galimoto n'kukhala pansi ngati ng'ombe yotopa. Mayi Zelifa anazungulira, analowa choyenda ngati akulowa pakhonde, anakhala pamphasa n'kuika poto wawo wa kalongonda pamiyendo.

"Umuuze kuti apa waganiza," anatero.

Sitima anamwetulira, analowa, anaponda moto. Galimoto inalira. Siinasunthe. Mvula inali itagwa masiku awiri apitawo, ndipo pansi pa ngalande panali phala lokhalokha. Matayala akumbuyo ankangozungulira, akutsogolo ali phee pouma. Anapondanso mpaka panamveka fungo la chinthu chopserera.

Alesi anapempha mayi ake kuti atsike kaye. Iwo anakana. Anati anakwera movutika, ndipo akatsikira ku Mkhumba, kaya lero kaya mawa.

Sitima anavula jekete, anatenga khasu. Ntchito yake inali pansi penipeni pa pomwe apongozi anakhala, choncho anaigwira chogwada, nkhope atalozetsa kumbali. Anakumba, anaika miyala, anayala mapesi. Mayi Zelifa ankaona zonse ali pamwamba, ndipo malangizo ankatsika kudzera mwa Alesi: mwalawo wachepa, mapesiwo aike chopingasa, taye avule asanaikumbire limodzi. Pa mawu alionse Sitima ankawomba m'manja mwamatopemo n'kuchita zomwe wauzidwa.

Atayesanso kawiri osatheka, mayi Zelifa anati vuto n'kupepuka. Chaka chatha kagalimoto komweka kankatuluka m'matope katasenza nandolo, lero kanyamula nkhalamba imodzi ndi poto. Analamula kuti matumba anayi a makaka, chinangwa chouma chomwe chinali m'nyumba, aikidwe pamwamba pa matayala. Sitima anawasenza yekha, limodzilimodzi, ndipo pokweza ankayang'ana thumba lokha.

Ulendo uno matayala anagwira. Galimoto inatuluka modumpha. Koma madigadi paja anali odula, ndipo matope onse a m'ngalande anakwera m'mwamba n'kutera pa duku, pa bulauzi ndi pa chitenje cha mayi Zelifa. Iwo anangophimba poto ndi manja.

Njira yonse galimoto inkangokwawa. Pachitunda chilichonse inkakwera ndi giya yoyamba, anyamata a kabaza akuipitirira. Anafika ku Mkhumba ankhoswe atamaliza kale kulangiza. Amayi anayi anathamangira kudzawatsitsa mayi Zelifa monyamula, wina akufunsa ngati achokera kodzala mpunga.

Sitima anakaima kuseri kwa galimoto, suti ili mbuu. Nyumba ya ku Migowi anali atayamba kale kuiganizira zoikamo anthu a lendi.

Mayi Zelifa anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje n'kuitana Alesi. Sanatsitse mawu.

"Bambo ako akanakhala kuti ndi iwo, khasu lija akanaliponya kutali, ine n'kunditukwanira mtundu wonse. Uyu maola awiri m'matope, ine ndikumulamula, osadzutsa mutu ngakhale kamodzi. Nzeru alibe, zimenezo tonse taziona. Koma ulemu ali nawo. Pita naye. Nzeruzo uzikamupatsa ndiwe."

Alesi anagwada kuthokoza. Kuseri kwa galimoto kunamveka kuwomba m'manja.

"Sindinamalize. Katundu wa mwana wanga sakwera pa nsanja imeneyi. Akaitsitse kaye. Ndipo pobwerera andipezere kabaza."

Lolemba m'mawa Faiz akutsekula galaja anapeza Sitima ali pakhomo, matayala akale anayi atawatsamiritsa kale pakhoma. Faiz anamupatsa moni n'kupita kukatenga jeke.