Injini Isanalire

Basi inanditsitsa pamphambano mdima utangogwa. Mphepo inkaluma makutu. Kutsogolo kunali getsi limodzi lokha, pakanyumba ka injini yopopa madzi. Damu sindinalione. Ndinangomva fungo la matope.

Ine za mbalame sindizidziwa. Ndine mwana wa m'tauni, woyendayenda. Koma mlongo wanga anali gone, mwendo uli m'pulasitala. Zaka khumi ndi chimodzi wakhala akuwerenga mbalame za padamuli, tsiku limodzi nyengo yozizira iliyonse, mongodzipereka. Sanadumphepo chaka.

"Pita ukandiimire," anatero. "Pepala langa lisakhale ndi mpata. Usakawerenge imodziimodzi. Tambasula mkono, uone mbalame zingati zikubisika kuseri kwa chala chachikulu. Ukatero uziwerenga zala."

Mkulu woyendetsa injini anayamba wayang'ana nsapato zanga.

"Achimwene, mwabwera ku ukwati?"

Anandibwereka majombo ndi benchi logonapo.

"Sikisi koloko ndimayatsa injini," anatero. "Ikangolira, mbalame zonse zimauluka. Muwerengeretu."

"Simungachedwetseko pang'ono, bambo?"

"Ndiye anzanu kutauniko asambe chiyani? Nthenga?"

M'bandakucha ndinali m'bango, magalasi oonera patali ali pakhosi. Nkhungu inali bii. Damu lonse linkalankhula koma osaoneka. Kuimba malikhweru, kung'ung'udza, kukhavula madzi. Zala zinachita dzanzi. Wotchi inkangopita.

Nkhungu inang'ambika kutatsala mphindi khumi.

Ndinayamba ndaganiza kuti ndi matope. Matopewo anagwedezeka. Anali abakha, kuchokera pamapazi anga mpaka tsidya. Malangizo onse anandithawa. Ndinayamba: mmodzi, awiri, atatu. Ndili pa 212, injini inatsokomola.

Madzi ananyamuka. Sindikudziwa kuti ndinganene bwanji mwina. Mapiko anawomba ngati mvula pamalata. Mphepo yake inandifika kumaso. Madontho ankagwa pachipewa changa, kumwamba kulibe mtambo. Dzuwa linali litangosuzumira, ndipo abakha analiphimba. Ndinaima kukamwa kuli yasa. Nambala ija inapita nawo.

Mpata uja ndi umenewu, ndinaganiza. Ndikamuuza chiyani mlongo wanga?

Koma abakhawo sanapite. Anakhota pamwamba pa khoma la damu n'kubwerera, atatambasuka ngati nsalu yayitali. Ndinakweza mkono. Chala chinabisa pafupifupi makumi asanu. Ndinawerenga zala. Anazungulira kachiwiri, ndinawerenganso. Kachitatu, chimodzimodzi. Zala 38, 36, 38. Kenako anatera patali, damu n'kukhala phee.

Akakowa okha sanasunthe. Anali khumi ndi anayi, atangoima m'madzi ngati palibe chachitika. Amenewo ndinawerenga mmodzimmodzi.

Ndinalemba: abakha, pafupifupi 1,900.

Ndinabweza majombo. Mkulu uja anasuzumira papepala.

"Kwa munthu wovala nsapato za ukwati, si zoipa."

Basi yoyamba inali ikutulukira pamphambano pamene ndinaimbira foni mlongo wanga. Ndinatchula nambala.

"Unali pomwepo akunyamuka?"

"Ndinalipo, achemwali."

"Wamva mapiko?"

"Ndikuwamvabe."

"Zaka zonsezi ndimakuuza, iwe n'kumati ndimathamangitsa nkhuku za m'madzi."

Kondakitala anamenya chitseko. Ndinakwera, n'kukhala kuwindo loyang'ana kudamu.