Mpeni Sapatsana Ulere

Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, ife okonda mipeni a ku Dingwall, kuno ku Scotland, timakumana masana m'kachipinda ka kuseri kwa holo ya tchalitchi. Tilipo asanu ndi anayi, ndipo aliyense amadziona ngati katswiri kuposa mnzake. Ine sindibisa: ponola mpeni palibe wondiposa, ngakhale mnzanga Torquil amatsutsa mpaka thovu kukamwa.

Tsiku limenelo ndinapita nditavala kiliti yanga, siketi ya amuna ya chikhalidwe chathu, ndevu nditapesa bwinobwino, chifukwa ndinali ndi uthenga. Ine Lachlan, mdala wa zaka 63, ndinali nditapeza mkazi, Ishbel, namwino wopuma pantchito, ndipo ukwati unali mu Juni. Kunyada ndiye kosanena. Koma mantha analiponso, chifukwa pakona panakhala Murdo, mlongo wake wa malemu mkazi wanga Effie, amene anatisiya zaka zinayi zapitazo. Murdo ndi ine tawedza limodzi zaka makumi atatu, ndipo ndinkaopa kuti nkhani ya mkazi wina ithetsa ubale wonsewo. Ndiye ndinachita zamantha. M'malo mopita kunyumba kwake, ndinasankha kunenera pagulu, poti pamaso pa anthu munthu sakalipa kwambiri.

Tiyi atathiridwa, ndinagogoda kapu ndi supuni.

"Anzanga, taikani kaye miyala yonolerayo pansi. Ndikukwatira."

Torquil anatsamwa ndi sikono. "Ee! Wakhunguyo ndani, mdala?"

"Ishbel Munro, chitsiru iwe. Maso ake ndi abwinobwino."

"Basi ndi makutu amene anafa. Akanamva mkonono wako bwenzi atathawira ku Glasgow."

Anthu anafa nazo, nkumandiomba pamsana. Apo ndiye ndinatambasuka, nkuyamba kudzitama. Woimba zitoliro adzatitsogolera kuchokera kutchalitchi mpaka kuholo. Manja athu adzamangidwa pamodzi ndi nsalu za mafuko athu awiri. Wisiki tidzamwera m'chikho chimodzi, ndipo keke tidzadula ndi kalupanga ka agogo anga. Ndinkalankhula zonsezi ndikuba maso kuyang'ana pakona. Murdo anali atapinda manja pachifuwa.

"Zonsezo tamva," anatero Kirsteen, mlembi wathu. "Nanga m'sokosimo mudzaikamo chiyani?"

Kwa ife funso lenileni ndi limenelo. Diresi ya mkwatibwi ndi nkhani ya ena, ife timayang'ana sikiyani-du, kampeni kamene mwamuna amasomeka m'sokosi akavala kiliti. Ndinasolola kanga katsopano, kogula m'sitolo ku Inverness. Wosula mipeni m'gulu lathu ndi Murdo yekha, koma pakamwa pomupempha ndinalibe. Kampeniko kanayenda m'manja mwa anthu mpaka kanamufika. Anakatembenuza, nkukayesa ndi chala chachikulu.

"Aka n'kopakira batala," anatero, nkukaika pambali.

Kenako anamasula chikopa chimene amakulungamo zida zake, nkutulutsa mpeni wina uli m'chimake. Anaukankha patebulo mpaka unadzaima pafupi ndi kapu yanga.

"Tengani, alamu."

Kwathu kuno mpeni sapatsana ulere. Ukapatsa mnzako mpeni osalandira kakhobidi, ndiye kuti wadula ubale. Ndinayang'ana manja a Murdo kuti mwina atambasula limodzi, koma anali atawapindanso pachifuwa. Kirsteen anazyolika. Ine ndinamva chisoni chimene ndinali ndisanamvenso chiikireni Effie m'manda.

"Alamu, kodi mwatero?" ndinafunsa.

"Ndatero chiyani? Ine ndikudikira inu. Munthu wa mipeni zaka zonsezi, mpaka ndichite kukupemphani? Kapena chikondi chakusokonezani mutu?"

Apo m'pamene ndinadzidzimuka kuti wopusa ndi ine. Ndinapisa dzanja m'kachikwama ka kutsogolo kwa kiliti. Munali khadi la kubanki, makiyi ndi maswiti awiri. Khobidi ndi limodzi lomwe munalibe.

"Nayi teni pensi, ungatichititse manyazi," anatero Torquil.

"Wokwatira ndiwe, Torquil?" anakalipa Murdo. "Bweza zakozo. Ituluke kwa mwini wake."

Ndinatuluka liwiro la mtondo wadooka. Kunja kunali mvula, kiliti ikuuluzika, amayi ena pamalo okwerera basi akutembenukira kumbali. Sindinasamale. M'galimoto mwanga mumakhala paundi imodzi imene ndimatsekulira kangolo kogulira zinthu kusitolo. Ndinabwerera nayo ndili wefuwefu, madzi akuyenderera m'khosi, nkuiika m'dzanja la Murdo. Iye anaifumbata osaiyang'ana n'komwe.

"Tsopano solola tione," anatero Torquil.

Ndagwira mipeni yambiri pamoyo wanga, koma wotero sindinaugwirepo. Chogwirira chinali cha nyanga ya mbawala ya kumapiri, chosemedwa kuti chikhale bwino m'dzanja lamanzere, poti ine ndine wamanzere. Ndinauyesa paubweya wa pamkono, unangoyoyoka. Nditapendeketsa mpeniwo kuwindo, ndinaona zilembo ziwiri zozokotedwa pachitsulo: L ndi I.

"Alamu, munadziwa liti?"

"Dingwall yonse inadziwa pa Khirisimasi. Galimoto lanu lofiiralo mumaliimika pakhomo pa Ishbel ngati chikwangwani. Ndinayamba kusula mu Januwale, ndikudikira kuti mubwere kunyumba mudzanene ngati munthu wamkulu. Koma ayi, mwasankha kubisala kumbuyo kwa Torquil."

Manyazi anandigwira, koma kunyada kunaposa. Komabe panali chinthu chimodzi chimene chinkandivutabe, ndipo ndinachinena motsitsa mawu.

"Nanga Effie?"

Murdo anayamba kukulunga chikopa chake pang'onopang'ono, maso ali pansi.

"Kuchipatala kuja, inu mutatuluka kukamugulira madzi, anandigwira dzanja. Anati, 'Murdo, Lachlan usamusiye yekha, ameneyo ngakhale dzira satha kuphika.' Ndakuyang'anirani zaka zinayi, alamu, ndatopa nanu. Ishbel andilandireko."

Ndinawerama kuti ndisomeke mpeniwo m'sokosi yakumanzere. Ntchito imeneyi ndi ya kamphindi, koma ine ndinakhala chiweramire nthawi yaitali kuti anzanga asaone misozi, ndipo Torquil, kwa nthawi yoyamba chibadwire, sanandiseke.