Nthochi za Pachitsime

Mlongo wanga Misozi atamwalira ndi matenda otsegula m'mimba, ndinasiya koleji ku Chipata n'kubwerera kwathu ku Nyimba. Ndinapeza atate atagamula kale mlandu. Ankati mwanayo anamulodza ndi amai athu aang'ono, a Doris, amasiye a mng'ono wawo, omwe amakhala kanyumba ka kuseri kwathu. Anawauza kuti mvula yoyamba isawapeze pamalopo.

Ine ndinkakayikira paipi ya zimbudzi za loji ina yogona alendo ya kumtunda, yodutsa pansi m'malire mwa munda wathu. Ndinawavutitsa eni ake mpaka anaitana woyeza mapaipi kuchokera ku Petauke.

Anabwera mayi wina, a Juliet, atavala magambuti. Anadzaza paipi ija madzi, n'kulowetsamo kachitsulo ka pawaya wautali. Chitsulo china anachikhomera m'nthaka.

"Paipi ikakhala yabwino, magetsi sapeza potulukila," anandiuza. "Pomwe yang'ambika amathawila m'dothi, ndiye laputopu ionetsa."

Atate anafika manja ali kumbuyo.

"Ndiye kompyuta yanu iona mfiti, amai?"

"Iona ming'alu chabe, bambo. Zina izo muziwa ndimwe."

Anayamba kukoka waya pang'onopang'ono. Mzere wa pa laputopu unkangoyenda chogona, ndipo ndinayamba kuopa kuti ndadzinamiza. Kenako unalumpha. A Juliet anaona kutalika kwa waya, anayenda pamwamba akuyeza, n'kukaima pakati pa nthochi zathu, pafupi ndi chitsime.

Chitsime chimenecho anakumba ndi atate. M'chilimwe zonse zinkauma, koma nthochi za pamenepo zokha zinkabiriwira, ndiye iwo anati madzi ali pafupi. Anawapezadi, ndipo ankanyadira. Misozi ndiye ankatunga tsiku lililonse, n'kumamwera pomwepo m'chigubu.

A Juliet anasuzumira m'chitsime, kenako anandiyang'ana.

"Anakumba apa ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

Chibwerere ndinkalakalaka kuwaona atate atagwidwa kulakwa. Koma tsopano ndinkangoona zikhatho zawo, zolimba ngati chikumba, zikufunafuna pogwira.

"Ndine," anayankha okha atate.

A Juliet anati madziwo atumizidwe kukayezedwa, koma pasapezeke womwanso. Anapinda waya wawo.

A Doris anali pakhomo pawo, akumanga mapoto m'thumba la feteleza. Atate anawayang'ana nthawi yaitali.

"Kondwelani, kauze amai ako amasule katundu," anandiuza.

"Kawauzeni mweka, atate."

Sindinakweze mawu, koma anadzidzimuka ngati ndawamenya. Ndinafuna kuwagwira paphewa. Sindinawagwire.

Ananyamuka pang'onopang'ono kudutsa m'mizere ya mbatata. Atatsala pang'ono kufika anavula chipewa. A Doris anasiya kumanga, koma sanaimirire, ndipo mpando sanawapatse.

Ine ndinakatenga lata lakale kukhola n'kuvundikira chitsime.